Mpikisano wa Blu-ray ndi HD DVD

Mpikisano wa Blu-ray ndi HD DVD unali kulimbana kwa magulu awiri a makampani opanga zipangizo zamagetsi, gulu lililonse likufuna kuti chimbale chake chilowe m'malo mwa DVD. Zimbale zonse ziwiri zinkaonetsa kanema wooneka bwino kwambiri amene amatchedwa HD, koma chimbale cha gulu limodzi sichinkawerengeka m'makina a gulu linalo. Makina oonetsera mafilimu a mitundu iwiriyi anafika m'masitolo mu 2006, ndipo mpikisanowo unatha pa 19 Febuluwale 2008 pamene kampani ya Toshiba inalengeza kuti yasiya kupanga makina a HD DVD. Ku Malawi zimbale ziwirizi sizinafale. M'maboma ngati Chiradzulu anthu ambiri anachoka pa VCD ndi DVD n'kuyamba kuonera mafilimu a pa fulashi ndi pa memori khadi, osagulako Blu-ray.

Chiyambi

Wailesi za kanema za HD zitayamba kuchuluka ku Japan, ku America ndi ku Ulaya, zinapezeka kuti DVD yachepa. Chimbale cha DVD chimasunga 4.7 GB, kapena 8.5 GB ngati chili ndi magawo awiri osanjikizana, ndipo chithunzi chake m'mayiko ogwiritsa ntchito PAL, monga Malawi, chimakhala ndi timadontho 720 m'litali ndi 576 m'lifupi. Chithunzi cha HD yathunthu chili ndi timadontho 1920 ndi 1080. Timadontho timeneti ndi tochuluka kasanu kuposa ta DVD, choncho filimu imodzi inkafuna malo ambiri.

Njira yopezera malowo inali kusintha kuwala kwa leza kumene kumawerenga chimbale. DVD imawerengedwa ndi leza yofiira ya mananomita 650. Akatswiri anapanga leza yobiriwira ngati thambo ya mananomita 405, imene imatha kuwerenga timaenje ting'onoting'ono kwambiri toyandikana pachimbale. Magulu onse awiri anagwiritsa ntchito leza yomweyi. Anasiyana pa kapangidwe ka chimbale chenichenicho, komanso pa nkhani ya amene azilandira ndalama za umwini wa luso.

Mu Febuluwale 2002 makampani asanu ndi anayi, kuphatikizapo Sony, Panasonic, Philips, Pioneer, Samsung, LG ndi Sharp, analengeza za Blu-ray. Chaka chomwecho Toshiba ndi NEC anabweretsa chimbale chawo, chimene bungwe la DVD Forum linachivomereza mu 2003 ndipo chinatchedwa HD DVD. Mu 2005 mbali ziwirizi zinakambirana zoti zipange chimbale chimodzi koma sizinamvane. Chaka chomwecho Microsoft ndi Intel anaima kumbali ya HD DVD.

Aka sikanali koyamba. Sony inatulutsa matepi a Betamax mu 1975, JVC n'kutulutsa VHS mu 1976, ndipo VHS ndi imene inapambana. Matepi a VHS amenewa ndi omwe ankaonetsedwa m'mavidiyo sho oyambirira a ku Malawi.

Kusiyana kwa zimbalezi

Blu-ray imasunga 25 GB pa gawo limodzi ndi 50 GB pa magawo awiri. HD DVD inkasunga 15 GB ndi 30 GB. Chimene chinachititsa kusiyanaku ndi pamene uthenga wakhala mkati mwa chimbale. Pa HD DVD uthenga unali pansi pa pulasitiki ya mamilimita 0.6, ngati mmene zilili pa DVD wamba, ndiye mafakitale a DVD ankatha kupanga zimbale zatsopanozi atangosintha zochepa. Pa Blu-ray uthenga uli pafupi kwambiri ndi pamwamba, pansi pa pulasitiki ya mamilimita 0.1 okha. Zimenezi zinapatsa chimbale malo ambiri, koma zinafuna makina atsopano a m'fakitale ndiponso mankhwala olimba opaka pamwamba kuti chisamakalike msanga.

Kwa munthu woonera, chithunzi cha mitundu iwiriyi chinali chofanana ndithu. Zonse zinkaonetsa 1080p ndipo zinkasunga kanema m'njira zofanana: MPEG-2, H.264 ndi VC-1. Amene ankasankha ankayang'ana mtengo wa makina ndi mafilimu amene akupezeka, osati kukongola kwa chithunzi. M'sitolo zinkadziwika ndi mabokosi: a Blu-ray anali abuluu, a HD DVD anali ofiira.

Mmene mpikisano unayendera

HD DVD ndi imene inayamba kufika pamsika. Toshiba inayamba kugulitsa makina ake ku Japan kumapeto kwa Marichi 2006 ndi ku America mu Epulo, ndipo otsika mtengo, a HD-A1, anali madola 499. Makina oyamba a Blu-ray ku America, a Samsung BD-P1000, anatuluka mu Juni pa mtengo wa madola pafupifupi 1,000. Pa mtengo, Toshiba inali patsogolo.

Zinthu zinasintha mu Novembala 2006 pamene Sony inatulutsa PlayStation 3. Makina amasewerawa anali ndi Blu-ray mkati mwake, kotero aliyense wogula kuti azisewera magemu anapezeka kuti ali kale ndi choonetsera mafilimu a Blu-ray. Microsoft nayo inali ndi choonetsera HD DVD cha Xbox 360, koma chinali chogula padera pa madola 199, ndipo si onse anagula.

Makampani opanga mafilimu anagawikana. Sony Pictures, Disney, 20th Century Fox, MGM ndi Lionsgate ankatulutsa mafilimu awo pa Blu-ray yokha. Universal inkatulutsa pa HD DVD yokha, ndipo mu Ogasiti 2007 Paramount ndi DreamWorks Animation anapita kumbali yomweyo. Apa ndi pamene ogula anavutikira. Munthu wokonda mafilimu a Disney ndi a Universal omwe ankafunika makina awiri, kapena agule makina odula a LG ndi Samsung amene ankawerenga zonse. Anthu ambiri anangoti adikire, n'kumapitiriza kugula DVD.

Kampani ya Warner Bros. inkatulutsa mafilimu pa mitundu yonse iwiri, ndipo ndi imene inathetsa nkhaniyi. Pa 4 Januwale 2008 inalengeza kuti itsala ndi Blu-ray yokha. Mu Febuluwale Netflix, yomwe nthawi imeneyo inkabwereketsa zimbale potumiza papositi, inasiya kugula HD DVD, masitolo a Best Buy anayamba kulimbikitsa Blu-ray, ndipo Walmart inati ichotsa HD DVD m'mashelefu ake. Patangopita masiku ochepa Toshiba inagonja. Amene anagula makina ake anatsala ndi chipangizo chimene mafilimu atsopano anasiya kutulukira, ngakhale chinkathabe kuonetsa DVD wamba. Best Buy inapatsa ogula oterewa makhadi a madola 50 ogulira katundu wina, ndalama yochepa poyerekeza ndi imene anawononga. Pofika kumapeto kwa 2009 Toshiba yomweyo inali ikugulitsa makina a Blu-ray.

Ku Malawi ndi ku Chiradzulu

Pamene mpikisanowu unkachitika, wailesi ya kanema ya dziko lino, Television Malawi, inali isanakwanitse zaka khumi, poti inayamba mu 1999. Anthu ambiri akumudzi ankaonera mafilimu m'mavidiyo sho. Vidiyo sho ndi chipinda kapena chisakasa chokhala ndi mabenchi, wailesi ya kanema patsogolo, ndi sipika panja yoitanira anthu. Pakhomo amapachika bokosi la filimu kapena kulemba dzina lake pabolodi, ndipo munthu amalipira ndalama yochepa kuti alowe. M'boma la Chiradzulu malo oterewa amapezeka pamalo a malonda monga Njuli, Mbulumbuzi ndi Namadzi, amene ali m'mbali mwa msewu wochoka ku Blantyre kupita ku Zomba, komanso m'misika ina ya mkati ngati Namitambo. Popeza bomali lachita malire ndi Blantyre, makina ndi zimbale zambiri zinkachokera m'masitolo ndi kwa mavenda a ku Limbe.

Mwini vidiyo sho nayenso ankasankha pakati pa zimbale, koma funso lake linali lina. Iye ankayerekeza VCD ndi DVD. VCD, imene inayamba mu 1993, ili ndi chithunzi cha timadontho 352 ndi 288 basi, ndipo filimu yaitali inkabwera pa zimbale ziwiri, moti pakati pa nkhani anthu ankadikira kuti asinthe chimbale. Mafilimu ambiri a ku Nigeria anafika m'njira imeneyi. Kenako kunabwera ma DVD okhala ndi mafilimu ambirimbiri pa chimbale chimodzi. Kuti onsewo akwanemo ankawapanikiza kwambiri, chithunzi n'kumaoneka chosachita bwino, koma kwa munthu woonetsa kanema tsiku lonse chimbale chotere chinali phindu. Pamene makampani akunja ankalimbirana kuika filimu imodzi pa 50 GB, msika wa kuno unkafuna mafilimu khumi pa 4.7 GB.

Panalinso zifukwa zina zimene Blu-ray inakanikira. Wailesi za kanema zambiri zinali zakale zija za chimsana chachikulu, zolumikizidwa ndi waya wa mitu itatu, wachikasu, wofiira ndi woyera. Waya wachikasu sunyamula chithunzi cha HD, ndiye ngakhale munthu akanagula makina a madola 1,000, anthu pabenchi akanaona zomwe ankaona kale. Magetsi a ESCOM sanafike m'midzi yambiri, ndipo kumene anafika amathimathima, choncho ambiri ankadalira jenereta, batire ya galimoto kapena sola. Kuika makina odula pa magetsi osakhazikika otere kunali kuika ndalama pangozi. Makina a DVD otchipa akafa diso lowerengera chimbale, zomwe zimachitika kawirikawiri pamalo a fumbi, okonza mawailesi ankatha kuchotsa diso pa makina ena akufa n'kuikapo. Za Blu-ray zinalibe poti n'kuchotsa.

Chachikulu kuposa zonse chinali zimene anthu ankafuna kuonera. Nyimbo zauzimu za makwaya, zisudzo za m'Chichewa, mafilimu a ku Nigeria, a karate, ndi mafilimu akunja amene anyamata amawamasulira m'Chichewa poika mawu awo pamwamba, zonsezi zinkatuluka pa VCD ndi DVD. Ku America, Warner Bros. itasankha mbali, ogula anatsatira kumene kuli mafilimu. Ku Chiradzulu zinalinso chimodzimodzi, kungoti mafilimu amene anthu ankawafuna sanali pa Blu-ray kapena pa HD DVD.

Mafoni okhala ndi memori khadi atachuluka, malonda a zimbale anatsika. Pamalo a malonda panabuka timashopu tokhala ndi kompyuta pomwe munthu amapita ndi khadi kapena fulashi kukaikitsa nyimbo ndi mafilimu, ntchito imene anthu amaitcha kubena. Makina a DVD okhala ndi polowetsa fulashi anayamba kukondedwa, ndipo wailesi za kanema zatsopano zimawerenga fulashi zokha popanda makina ena. Oimba ndi opanga mafilimu akhala akudandaula kuti kubena kumawadyera masuku pamutu. Bungwe la COSOMA, loona za umwini wa ntchito za luso, linkadalira kachizindikiro kowala komata pa zimbale zovomerezeka, koma pa fulashi palibe pomata. Lamulo latsopano la umwini wa luso linakhazikitsidwa mu 2016. Filimu ya The Boy Who Harnessed the Wind, yonena za William Kamkwamba wa ku Kasungu, inatuluka mu 2019 kudzera pa Netflix, pa intaneti.

Posankha makina

Makina a Blu-ray ndi a HD DVD amapezekabe mwa apo ndi apo pakati pa katundu wogwiritsidwapo kale ntchito, kapena ndi anthu obwera kuchokera ku South Africa ndi ku United Kingdom. Makina a Blu-ray amawerenga DVD, ambiri amawerenganso CD, koma ena amakana VCD. Makina a DVD sawerenga Blu-ray ngakhale ali ndi polowetsa waya wa HDMI. Mawu akuti HD olembedwa pa makina otchipa nthawi zambiri amangotanthauza kuti makinawo amakulitsa chithunzi cha DVD kuti chidzaze sikirini, ndipo sakhudzana ndi HD DVD ya Toshiba. Makina enieni a HD DVD lero ndi othandiza pa DVD wamba basi, pokhapokha munthu atapeza zimbale zakale za mabokosi ofiira.

Pali nkhani ya zigawo imene imasokoneza anthu ambiri. Opanga Blu-ray anagawa dziko lapansi patatu, A, B ndi C. Africa yonse ili m'chigawo B pamodzi ndi Ulaya, pamene America ndi Japan zili m'chigawo A, kotero chimbale chotsekedwa cha ku America chimakana pa makina ogulidwa ku Johannesburg kapena ku London. Pa DVD magawidwe ake ndi ena: Malawi ili m'chigawo 5 koma South Africa ili m'chigawo 2. Makina ambiri otchipa salabadira zigawozi, koma a makampani akuluakulu amazitsatira. HD DVD inalibe zigawo, ndipo apa inkaposa mnzake.

PlayStation 3, PlayStation 4 ndi Xbox One zimaonetsa mafilimu a Blu-ray, choncho malo ambiri osewerera magemu a mpira ali ndi makina a Blu-ray ngakhale eni ake sanaikemo filimu n'kamodzi komwe. Mu 2016 kunabwera Ultra HD Blu-ray ya chithunzi cha 4K, imene imafuna makina akeake ndipo siwerengeka pa makina akale a Blu-ray kapena pa PlayStation 4. Mu 2019 Samsung, yomwe inapanga makina oyamba aja a mu 2006, inasiya kutulutsa makina atsopano a Blu-ray ku America.