Magetsi akabwera, mafayilo apita kuti?

Makolo angapo andifunsa chifukwa chake mapepala akale a mayeso amene anasunga pa drive yolumikiza ku rauta kunyumba amasowa magetsi akathima n'kuyakanso. Musade nkhawa, sanafufutike.

Marauta ambiri amayendera Linux, ndipo imapatsa ma drive mayina potengera imene yayamba kudzuka: yoyamba sda, yachiwiri sdb. Mukakhala ndi awiri, lero sda ikhoza kukhala ya mayeso, mawa ya zithunzi za ukwati. Ndiye laputopu ya mwana imakagogoda pakhomo lolakwika.

Mankhwala ake n'kuuza rauta kuti izizindikira drive ndi UUID, nambala yaitali imene imalembedwa poifomata. Nambalayi sisintha pokhapokha mutaifomatanso. Pa rauta ya OpenWrt, lembani block info kuti muione, kenaka muiike pa Mount Points pamodzi ndi dzina la foda.

Vuto lina, limene ine ndimayamba kulikayikira, ndi mphamvu. USB 2.0 imapereka 500 mA basi, pomwe hard disk yozungulira imafuna yoposa apo podzuka. Ikamangolira tiki-tiki osaoneka, igulireni USB hub yokhala ndi pulagi yakeyake.