Nkhono m'Botolo: Mmene Loya Amaganizira

Anthu ambiri amayesa kuti loya ndi munthu amene analoŵeza pamtima malamulo onse a dziko, ndi kuti mwana wolongolola ndiye woyenera ntchitoyi. Maganizo aŵiri onseŵa ndi olakwika. Malamulo ali m'mabuku, ndipo aliyense wodziŵa kuŵerenga angathe kukaona. Chimene loya amaphunzira kwa zaka zambiri ndicho kusanthula chigamulo cha mlandu wakale kufikira atapeza chifukwa chenicheni chimene oweruza anagamulira motero, kenaka n'kuona ngati chifukwacho chingagwirenso ntchito pa mlandu wa lero. Pali mlandu wina wa ku Scotland umene umaonetsa bwino luso limeneli.

Pa 26 August 1928, mayi wina dzina lake May Donoghue analoŵa m'nyumba yogulitsira zakumwa m'tauni ya Paisley. Mnzake anamugulira chakumwa chotchedwa ginger beer, chimene chinali m'botolo losaonekera mkati. Atamwako pang'ono, mnzake uja anatsanulira chotsalacho m'tambula, ndipo malinga ndi kunena kwa mayiyo, m'botolomo munatuluka nkhono yovunda. Iye anadwala m'mimba, nakasumira David Stevenson, mwini fakitale yopanga chakumwacho, kuti amulipire chipepeso cha mapaundi 500.

Mlanduwu unali ndi mfundo yovuta. Masiku amenewo oweruza ambiri ankati wopanga katundu amayankha kwa munthu yekhayo amene anachita naye pangano la malonda. Koma mayi Donoghue sanagule kanthu kwa Stevenson, ngakhalenso kwa mwini nyumba ya zakumwayo, pakuti ndalama inatuluka m'thumba la mnzake. Ndiponso mu 1929 khoti lalikulu la ku Scotland linakana madandaulo ena ofanana ndi ameneŵa, okhudza mbeŵa zopezeka m'mabotolo. Loya amene anagonja pa milandu ya mbeŵayo, Walter Leechman, ndi yemweyo amene anatenga mlandu wa nkhono, ndipo anaukankha mpaka ku House of Lords ku London.

Chigamulo chinaperekedwa pa 26 May 1932. Oweruza atatu anagwirizana ndi mayiyo, aŵiri anatsutsa. Mmodzi wa atatuwo, Lord Atkin, anatenga funso lodziŵika la m'Uthenga Wabwino wa Luka, limene wachilamulo uja anafunsa lonena za mnansi, naliyankha monga woweruza. Iye anafotokoza kuti pamaso pa lamulo, mnansi ndi munthu aliyense amene zochita za wina zimamukhudza mwachindunji, kotero kuti wochitayo anayenera kumuganizira. Wopanga chakumwa amene amatseka botolo, podziŵa kuti palibe amene adzaunike mkati lisanafike kwa wakumwa, ali ndi udindo wosamala.

Apa ndi pamene wophunzira waulesi amasiyanirana ndi wakhama. Waulesi amaloŵeza dzina la mlandu, chaka ndi nkhono. Wakhama amadzifunsa kuti lamulo limene labadwa pamenepa likufika pati. Kodi ndi la zakumwa zokha? Yankho linabwera mu 1935, pa mlandu wa dokotala wina wa ku Australia, Richard Grant, amene anatuluka zilonda thupi lonse atavala zovala zamkati za ubweya zimene zinali ndi mankhwala otsalira ku fakitale. Maloya a fakitaleyo anati milandu iŵiriyi ndi yosiyana, chifukwa chakumwa chimaloŵa m'thupi pamene chovala chimakhala kunja. Oweruza anakana. Kusiyanako kunalipodi, koma sikunakhudze chifukwa cha chigamulo choyamba: kuti choipacho chinali chobisika, ndipo katunduyo anafika kwa womugwiritsa ntchito monga momwe anachokera kwa womupanga. Ntchito yaikulu ya loya ndiyo kuzindikira kusiyana kumene kuli ndi kanthu ndi kumene kulibe.

Kuganiza kotereku si kwachilendo m'Malaŵi. Pabwalo la mfumu, mkulu amene amakumbutsa anthu mmene mlandu wa mbuzi yodya chimanga cha mwini unathera chaka china, ndi mnzake amene amayankha kuti mbuzi ijayo inadula chingwe pamene iyi inachita kutayiriridwa, akuchita zomwezo. Makhoti a boma nawonso amatsata njirayi, popeza lamulo la mu 1902, dziko lino lili m'manja mwa Britain, linabweretsa kuno malamulo a ku England pamodzi ndi mwambo wotsata zigamulo zakale.

Tsono mnyamata kapena mtsikana wofuna ntchitoyi ayenera kuzoloŵera kuŵerenga chigamulo chenichenicho, osati zidule zolembedwa ndi anzake. Akamaliza, alembe m'mawu akeake zimene zinachitika, funso limene khoti linayenera kuyankha, yankho lake ndi chifukwa chake. Akalephera kulemba chifukwacho m'ziganizo ziŵiri kapena zitatu, ndiye kuti sanamve, abwereze. Asadumphe maganizo a oweruza amene anatsutsa, chifukwa tsiku lina adzaimira mbali imeneyo. Ndipo nkwabwino kuŵerenga pang'ono tsiku lililonse ndi kutsutsana ndi anzake, kusiyana ndi kuchezera usiku mayeso atayandikira.

Maphunziro a malamulo akhala akuchitikira ku Zomba kuyambira mu 1973, pamene Chancellor College inasamukira kumeneko. Kuyambira mu 2021 sukuluyi imatchedwa University of Malawi. Ena omaliza digiri ya malamulo amakaphunziranso kagwiridwe ka ntchito ku Malawi Institute of Legal Education asanavomerezedwe kuimira anthu m'khoti. Chingerezi chiyenera kukhala chakupsa, pakuti ndicho chiyankhulo cha zigamulo, koma wodandaula amabwera ndi Chicheŵa, Chitumbuka kapena Chiyao, ndipo loya wosamvetsera bwino amataya mfundo mlandu usanayambe.

Woloŵa ntchitoyi chifukwa cha ndalama zokha angakhumudwe. Ena amakhala mamajisitireti m'maboma akutali, ena amagwira ku Unduna wa Zachilungamo, enanso ku Legal Aid Bureau, kumene amaimira anthu osauka. Mayi Donoghue anali wotero: anafika ku House of Lords atalumbira kuti ndi mmphaŵi wosatha kulipira. Stevenson anamwalira chaka chomwecho cha 1932, ndipo oyang'anira chuma chake anathetsa nkhaniyo kunja kwa khoti, kotero kuti palibe khoti limene linatsimikiza ngati nkhonoyo inalimodi m'botolo.