Kuchezera Usiku Sikukhozetsa Mayeso

Ndimamva chisoni ndikaona ana a MSCE akuchezera ndi mabuku usiku wonse, mapazi ali m'beseni la madzi ozizira. Zimene mwana wawerenga masana zimayamba zasungidwa m'kachigawo ka ubongo kotchedwa hippocampus. Akagona tulo tofa nato, ubongo umabwereza zinthuzo n'kuzikhazika poti zikhalitse. Mu 1924, Jenkins ndi Dallenbach a pa yunivesite ya Cornell ku America anapeza kuti ophunzira ankakumbukira mawu ambiri akagona atangowaloweza kusiyana ndi akakhala maso. Ndiye wosagona amataya zimene wavutikira, ndipo kukacha mutu sugwira zatsopano. Makolo, wachinyamata amafunika kugona maola 8 mpaka 10. Nthawi ikakwana, muuzeni atseke buku akagone.