TINDEGE TOULUKA TOKHA

Kodi munayesapo kuimika ndodo pa cikhato canu? Ndodoyo ikayamba kupendekera kumanzere, maso aona, mutu ulingalira, ndipo dzanja lithamangira komweko kuti isagwe. Mukangotsinzina pang'ono, ndodo igwa. M'sewero limeneli muli nchito zitatu: kuona, kulingalira ndi kukonza. Zitatuzi ndizo zimene anthu ophunzira aphunzitsa tindege tating'ono tochedwa drone, timene tiuluka popanda munthu wotiyendetsa.

Kandege kotere kali ndi mapiko anai ozungulira. Awiri azungulira mbali imodzi, awiri enawo mbali yina, pakuti onse akadazungulira mbali imodzi, kandegeko kakadangozungulira ngati nguli. Pofuna kukwera, mapiko onse afulumira pamodzi. Pofuna kupita patsogolo, mapiko a kumbuyo afulumira koposa anzao, ndipo kandege kawerama ndi kunka patsogolo.

Koma mphepo siileka kukakankha uku ndi uko. Cifukwa cace m'kati mwace muli tizipangizo tomva kupendeka konse, ndiponso kompyuta yaing'ono imene iwerengera liwiro loyenera phiko liri lonse. Icita zimenezi kambirimbiri pa sekondi imodzi. Ikalakwa kapena kucedwa, kandege kagwa ndi kusweka.

Kompyutayo siidziwa kanthu mwa iyo yokha. Masamu amene itsata alembedwa ndi anthu, ndipo mmodzi wa iwo ndiye Vijay Kumar. Iyeyu anabadwira ku India m'caka ca 1962. Anatsiriza maphunziro a makina ku Kanpur mu 1983, napita ku America kukaphunziranso ku Ohio. Mu 1987 anayamba uphunzitsi pa sukulu yaikuru ya University of Pennsylvania, mu mzinda wa Philadelphia.

Mphunzitsi wa pa sukulu yotere sangophunzitsa ai, koma afufuzanso zinthu zimene anthu sanazidziwe. Iye ndi ophunzira ace alemba masamu, nawayesa pa kandege. Kakagwa, afunafuna pamene analakwa, nayesanso. Akapeza njira yabwino, ailemba m'mabuku kuti anzao a m'maiko ena aiyese naonso. Motero Kumar ndi ophunzira ace anaphunzitsa tindege kupyola pa zenera lopapatiza, ndi kuuluka tambiri pamodzi osagundana.

Nchitoyi si sewero cabe. Mu 2011 cibvomezi cacikuru cinaononga nyumba zambiri ku Japan. Anthu a Kumar, pamodzi ndi anzao a ku Tohoku University mu mzinda wa Sendai, analowetsa kandege m'nyumba yong'aluka, ndipo kanathandiza kujambula mapu a zipinda zace. Nzeru yotere ipulumutsa munthu kuti asalowe m'malo oopsa asanadziwe za m'katimo.

Tsono, ana inu, samu ikakukanikani lero, musataye pensulo. Funani pamene mwalakwa, mukonze, muyesenso. Ndimo mmene kandege kakhalira m'mwamba.

MAFUNSO
1. Chulani nchito zitatu zimene mucita poimika ndodo pa cikhato.
2. Cifukwa ninji mapiko onse anai sazungulira mbali imodzi?
3. Kodi kandege kanagwira nchito yanji ku Sendai?