Amene amadya za mbuzi, ndi nyongolotsi zimene zimawadyera

Malonda a mbuzi kuno kwathu amayendera maso ndi manja, sikelo imabwera nyama itapachikidwa kale. Venda akafika pakhola amaipsinja mbuzi pamsana ndi m'ntchafu, kuinyamula pang'ono kuti amve kulemera kwake, n'kutchula mtengo. Kenako imakwera njinga miyendo ili yomanga, ulendo wa kumsika, komwe akuidikira ogulitsa nyama ndi anyamata a pachiwaya. Onsewa amagawana phindu la chiweto chimodzi, koma nyongolotsi zam'mimba zimakhala zitayamba kale kudyapo.

Yoopsa kwambiri ndi imene akatswiri amaitcha Haemonchus contortus. Imakhala m'chifu n'kumayamwa magazi, ndipo yaikazi imodzi imatha kuikira mazira oposa 5,000 patsiku, omwe amatuluka ndi ndowe n'kukaswa pa udzu wonyowa. M'dzinja mbuzi zimamangidwa pachingwe kuopa milandu ya chimanga cha eni, motero zimadya pomwe zachitira ndowe. N'chifukwa chake mu Januwale ndi Febuluwale, msipu uli wobiriwira bwino, mbuzi imaonda, ubweya kunyankhalala, pansi pa chibwano kutupa. Tiana timangofa. Tsoka ilo, ndi miyezi yomweyi imene m'nkhokwe mulibe kanthu ndipo mlimi sangakane mtengo. Venda amadziwa zimenezi, ndipo sachita nazo manyazi.

Wogulitsa nyama amazionera pa mpeni. Kwa iye minofu imangobweza ndalama yomwe anagulira, phindu lenileni lili m'zam'kati, mutu ndi chikopa. Ndiye ang'ambe mimba n'kupeza matumbo ali ndi timibulu tolimba ngati timiyala, ntchito ya mtundu wina wa nyongolotsi, basi nthumbwana zapita. Chiwindi nacho chimaonongedwa ndi tizilombo taphanthiphanthi tofalitsidwa ndi nkhono za m'madambo. Woyeza nyama akaona zotere amalamula kuti zitayidwe, ndipo palibe wobweza ndalama. Kumene woyeza safikako, tinene zoona, amangocheka poipapo, zotsalazo n'kulowa m'mafuta.

Palinso alangizi a ziweto, ochepa kwambiri poyerekeza ndi midzi yomwe amayang'anira, ndi ogulitsa mankhwala monga albendazole ndi ivermectin. Apa vuto ndi sikelo yomwe ija. Mlimi amangoyerekeza kulemera kwa mbuzi, ndipo pofuna kuti botolo likwanire khola lonse amachepetsa muyezo. Nyongolotsi zopulumuka zimabereka zinzake zosamva mankhwala.

Ku South Africa adapanga khadi ya FAMACHA yoyerekezera mtundu wa m'kati mwa chikope cham'munsi: mukafiira, mbuzi ili ndi magazi okwanira, mukayera, imwetsedwe mankhwala. Motero amamwetsa zokhazo zofunika. Alangizi athu amalimbikitsanso khola lam'mwamba, loti ndowe zizigwera pansi, ndi kusuntha chikhomo cha chingwe pafupipafupi. Kusuntha chikhomoko sikulira ndalama, koma kumafuna malo, omwe m'maboma ngati Chiradzulu ndi Thyolo ndi osowa.