Tanthauzo la Liu Lakuti Belge

 Lero tikambirana za liu limodzi la Cifalansa limene lipezeka pa makalata ndi ndalama zakale za ku Congo. Liulo ndilo Belge, ndipo polichula limveka ngati "beliji".

Belge ndiye kuti munthu wa ku Belgium, kapena cinthu ca dzikolo. Belgium ndi dziko laling'ono la ku Ulaya, lacifupi ndi France, limene linadziimira palokha m'caka ca 1830. Mwamuna amuti un Belge, mkazi une Belge, ndipo akaculuka ati les Belges. Musayese kuti Belge ndi Mfalansa ai. Ambiri a ku Belgium alankhula Cidachi, ena Cifalansa, ndi owerengeka Cijeremani.

Nanga liuli linafika bwanji kuno ku Africa? Kuyambira 1885 dziko la Congo linali m'manja mwa Mfumu Leopold II, ndipo anthu anasauka kwambiri ndi nchito yokakamiza yosonkhanitsa mphira. M'caka ca 1908 Boma la Belgium linatenga dzikolo, nilicha Congo Belge. Dzinali linatha pa 30 June 1960, pamene eni dziko analandira ufulu.

M'mizinda ya ku Congo liuli linapeza tanthauzo lina. Anthu akuda sanaloledwe kumanga pakati pa Azungu, ndipo malo amene anawapatulira anachedwa Belge. Ku Stanleyville, kumene lero ati Kisangani, kunali Belge I ndi Belge II. Tsono munthu akanena kuti anakhala ku Belge, sikuti anaoloka nyanja ai, anakhala kukomboni.

Nkhaniyi itikhudza cifukwa amuna ena a ku Nyasaland ndi Northern Rhodesia anakagwira nchito ku migodi ya mkuwa ya ku Katanga ndi ku Elisabethville, kumene lero ati Lubumbashi. Inu mafumu, mbumba ikabwera pabwalo ndi kalata ya malemu yosindikizidwa Congo Belge, dziwani kuti ndi ya pakati pa 1908 ndi 1960. Auzeni aisunge bwino, pakuti iciti umboni wa kumene kholo lao linayenda. Koma ndalama zolembedwa liuli zinatha nchito kale. Wina asakunyengeni kuti mumgulitse mbuzi kapena cimanga ndi ndalama zotere.

Tsalani bwino nonse.