Kodi mumadziwa? Tiyi wa ku Thyolo ndi maloko a mu ubongo

Kodi mumadziwa kuti tiyi sapatsa munthu mphamvu? Chimene amachita ndi kubisa kutopa. Munthu akakhala maso tsiku lonse, mu ubongo mumachuluka kanthu kotchedwa adenosine. Kanthuka kali ndi timalo take tolandirira uthenga pa maselo a ubongo, timene akatswiri amati ma receptor, ndipo kakangofikapo, zikope zimayamba kulemera. Receptor ili ngati loko, adenosine ndiye kiyi wake. Caffeine wa mu tiyi amalowa mu loko yemweyo koma osatsekula, ndiye kiyi weniweni akabwera amapeza malo atatha. Kutopa kumakhala kulipo ndithu, uthenga wake ndiwo sukufika.

Kodi mumadziwa chifukwa chake mtengo wa tiyi umapanga caffeine? Ndi chida chake chothamangitsira tizilombo, ndipo amachuluka kunsonga kwanthete kumene tizilombo timakonda kudya. Pitani ku Satemwa, esiteti imene Maclean Kay anayambitsa mu 1923, kapena ku Makwasa nyengo yadzinja, muone manja a othyola tiyi: dengu kumsana, mame atanyowetsa zovala mpaka m'chiuno, zala zikungotola masamba awiri ndi kamphukira. Nsonga imeneyo ndiyo imadzutsa anthu ku London ndi ku Johannesburg.

Nanga mumamudziwa Solomon Snyder? Anabadwa mu 1938 ku Washington, anaphunzira udokotala, nasulidwa pa kafukufuku ndi Julius Axelrod, kenako nakhazikika pa yunivesite ya Johns Hopkins ku Baltimore. Mu 1981 iye, John Daly ndi anzawo anayesa mankhwala angapo a mtundu wa caffeine pa mbewa za mu labotale. Anapeza kuti mankhwala amene ankamata kwambiri pa receptor ya adenosine ndi omwewo amene ankajijirikitsa mbewa koposa. Nkhani ya kapu yanu ya m'mawa inamveka bwino kuchokera pamenepo.

Koma dzina lake linali litamveka kale. Mu 1973, pamodzi ndi wophunzira wake Candace Pert, anaonetsa kuti mu ubongo muli ma receptor olandira morphine, mankhwala amphamvu oletsa ululu ochokera ku chomera cha poppy. Apa panabuka funso lokoma: thupi la munthu lingasungirenji malo a mankhwala a m'chomera? Yankho linachokera ku Aberdeen, ku Scotland, mu 1975. John Hughes ndi Hans Kosterlitz, atafufuza mu ubongo wa nkhumba, anapezamo timapuloteni tating'onoting'ono tiwiri, ma enkephalin, kalikonse ka zidutswa zisanu zokha. Kunapezeka kuti thupi limadzipangira lokha mankhwala oletsa ululu! Timapuloteni totumiza uthenga mu mitsempha totereti ndito ma neuropeptide, ndipo ma endorphin amene anthu othamanga amawatchula kawirikawiri ndi a banja lomweli.

Kodi mumadziwa kuti mu 1978 mphoto ya Lasker inapita kwa Snyder, Hughes ndi Kosterlitz, koma Pert anasiyidwa? Iye anadandaula poyera, ndipo ine ndimaona kuti anali ndi chifukwa: manja amene anagwira ntchito ya mu 1973 anali ake. Pert anamwalira mu 2013.

Zimenezi si za kutali ayi. Ku kiliniki ya Tiyanjane, pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, odwala khansa amene ululu wawasowetsa tulo amapatsidwa morphine wakumwa. Akamwa, mankhwalawo amakakhala pa ma receptor omwe aja a Pert ndi Snyder, munthu n'kupeza mpumulo woti adye ndi kucheza ndi abale ake.

Snyder sanalekere pomwepo. Mu 1980 anayambitsa dipatimenti ya maphunziro a ubongo pa Johns Hopkins, ndipo cha mu 1990, ndi David Bredt, anaonetsa kuti ngakhale mpweya wa nitric oxide umanyamula uthenga pakati pa maselo a ubongo.

Kodi mumadziwanso kuti caffeine sachoka msanga m'thupi? Mwa munthu wamkulu pamatenga maola pafupifupi asanu kuti theka lake lithe, choncho tiyi wa 4 koloko madzulo amakhala akugwirabe ntchito 9 koloko usiku. Osuta fodya amamutulutsa mofulumira, pamene mwa amayi oyembekezera amakhalitsa kwambiri. N'chifukwa chake bungwe la WHO limalangiza amayi oyembekezera amene amamwa caffeine woposa mamiligalamu 300 patsiku kuti achepetse. Kapu imodzi ya tiyi wakuda imakhala ndi mamiligalamu pafupifupi 50, pamene ya khofi imafika kawiri kake.